Adzaima Pakhomo la Mlendo Ndani?

Palibe mudzi m'Malaŵi muno umene sudziwa dzina la Joni. Agogo athu adapitako pa Wenela ndi pa Theba, nalowa pansi pa nthaka kukakumba golide amene sadamuvale. Ena adabwerako ndi njinga ndi chikhoti, ena adabwerako ndi chifuwa chimene chidawatengera kumanda, ndipo ena sadabwereko konse, tidangowatcha matchona. Lero adzukulu awo akwera basi kudzera pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge, kukagwira ntchito m'minda ya maluwa, m'makhitchini, m'magalaji ndi m'masitolo a mzinda womwewo wa Johannesburg. Malata ambiri amene ang'anima m'midzi yathu, matumba a feteleza, fizi ya ana ndi mabokosi a maliro, nzogulidwa ndi thukuta la kumeneko. Motero pamene timva kuti ku Joni atentha nyumba za alendo, sitili kumva mbiri ya dziko lakutali ayi. Utsi wake ufika mpaka pa khonde pathu.

Mlandu umene tifuna kuzenga pa tsamba lino ndi uwu: chidani cha pa alendo m'mzinda sichitha ndi apolisi okha, kapena ndi malamulo okha, kapena ndi mawu okoma a akuluakulu pa wailesi. Chimatha pamene anthu wamba okhala khomo ndi khomo agwirizana moto usanabuke, nanena kuti m'dera mwawo muno munthu saphedwa chifukwa cha kumene adabadwira. Ndipo tikuti Mkhristu amene aona ntchito imeneyi ngati ya ena, wasiya chipembedzo chake pa chitseko cha tchalitchi.

Tiyambe ndi zimene zidachitika, poti mlandu sauzenga ndi mphekesera. Pa 11 Meyi 2008, ku Alexandra, komboni yakale ya Johannesburg imene iyang'anizana ndi nyumba zazitali za anthu olemera a ku Sandton, magulu a anthu adayamba kuthyola zitseko za anzawo ochokera ku Zimbabwe, Mozambique, Malaŵi ndi maiko ena. Patangopita masiku owerengeka zipolowe zidafika ku Diepsloot, ku East Rand, ku Durban ndi ku Cape Town. Pa 18 Meyi, m'komboni ya Ramaphosa kuvuma kwa mzinda, bambo wina wa ku Mozambique adatenthedwa wamoyo anthu akuonerera, ndipo chithunzi chake chidazungulira dziko lonse lapansi. Pa 21 Meyi Pulezidenti Thabo Mbeki adalola kuti asilikali alowe m'misewu. Pomwe moto unkazima, anthu 62 adali atafa, ndipo zikwi makumimakumi zidali kugona pa mabwalo a polisi, m'maholo ndi m'matchalitchi, m'nyengo yachisanu. Mwa anthu 62 aja, 21 adali nzika za South Africa yemweyo. Ena mwa iwo adafera khungu lawo loderapo, ena chilankhulo chawo, ena ukwati wawo ndi mlendo. Moto ukalowa m'tchire sufunsa kuti udzu uwu ngwa yani.

Zikadathera pomwepo bwenzi titati idali ngozi ya chaka chimodzi. Koma mu 2015, Mfumu ya Azulu, Goodwill Zwelithini, italankhula ku Pongola mawu amene ambiri adawamva ngati kupirikitsa alendo, zipolowe zidabukanso ku Durban nkufika ku Johannesburg. Pa 18 Epulo chaka chimenecho, ku Alexandra komweko, munthu winanso wa ku Mozambique adabayidwa ndi mipeni dzuwa likuswa mtengo, wojambula wa nyuzipepala ali pomwepo. Boma la Malaŵi lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake, ndipo ambiri adatsikira ku Blantyre ali ndi kathumba kamodzi m'manja. Mu Seputembala 2019 masitolo adapsanso pakati pa Johannesburg, anthu 12 nkufa, ochuluka mwa iwo eni dziko. Mu 2021 ku Soweto kudabadwa gulu lotchedwa Operation Dudula, ndipo dzinalo m'Chizulu litanthauza kukankhira kunja. Mu Epulo 2022, ku Diepsloot, anthu amene ankayenda khomo ndi khomo kufunsa mapasipoti adapha ndi kutentha bambo wa ku Zimbabwe. Mu 2025 zidafika poti anthu adaima pa zipata za zipatala za boma nkumabweza amayi apakati ndi odwala amene analibe chitupa cha dzikolo.

Tsono pali mayankho anayi amene anthu amakonda kupereka pa nkhani imeneyi, ndipo onse anayi tikuwakana.

Yankho loyamba ndi la anthu ophunzira. Iwo amati: nchifukwa cha umphawi, anthu alibe ntchito, alibe nyumba, ndiye mtima uwawa. Sitikana kuti umphawi ulipo. Ku South Africa, mwa anthu khumi ofuna ntchito, oposa atatu saipeza, ndipo mnyamata wa ku Alexandra amene adzuka ndi njala akuona magalasi a ku Sandton ali ndi chifukwa chokwiyira. Komatu umphawi sudagwirepo chikwanje. Chikadakhala kuti umphawi ndiwo umapha, bwenzi makomboni onse atapsa mofanana. Akatswiri a pa Yunivesite ya Witwatersrand, amene adafufuza zipolowe za 2008, adayerekeza madera amene kudali chiwawa ndi madera oyandikana nawo amene kudali bata, ena a iwo m'kati mwa Alexandra momwemo. Adapeza kuti umphawi udali umodzimodzi uku ndi uku, alendo adalipo uku ndi uku. Chosiyana chidali atsogoleri. Kumene kudapsa, kudali anthu ena amene adaitanitsa misonkhano, nasonkhezera khamu, chifukwa ankafuna mpando, kapena nyumba ya mlendo kuti aibwereketse, kapena kuti sitolo yopikisana nayo itsekedwe. Kumene sikudapse, atsogoleri a m'deralo adakana kutsegulira zigawenga njira. Ndiye kuti chidani chili ndi eni ake, chili ndi misonkhano yake, chili ndi phindu lake. Kunena kuti ndi umphawi basi nkutukwana amphawi mamiliyoni amene sadaponyepo mwala, ndiponso nkubisa nkhope za amene adapindula.

Ngakhale chiwerengero sichivomereza bodza lakuti alendo adzaza dziko. Kalembera wa 2022 adapeza anthu pafupifupi 62 miliyoni m'South Africa, ndipo obadwira kunja adali pafupifupi 2.4 miliyoni, ndiye kuti osakwana anayi pa anthu 100 alionse. Kodi anthu anayi angamalize ntchito, mankhwala ndi nyumba za anthu 96? Amene adya ndalama za chipatala sagona m'chisakasa cha malata ku Diepsloot. Koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndiye mkwiyo umakagwera wogulitsa tomato amene alibe womuyankhulira.

Yankho lachiwiri ndi la anthu ofatsa. Iwo amati: imeneyo ndi ntchito ya boma, tisiyire apolisi ndi makhoti. Indedi boma lili ndi udindo waukulu, ndipo malamulo tiwalemekeza. Malamulo aakulu a South Africa a 1996 amapereka ufulu wolandira chithandizo cha mankhwala kwa munthu aliyense, osati kwa nzika zokha. Mu 2019 boma lidavomereza ndondomeko yolimbana ndi tsankho la mitundu ndi chidani cha pa alendo. Mu Meyi 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasayina lamulo lolanga milandu yochitidwa chifukwa cha chidani, pamodzi ndi mawu ofesa chidani. Mu Novembala 2025 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg lidagamula kuti a Operation Dudula alibe mphamvu yofunsa munthu pasipoti, ngakhale yomutsekereza pa chipatala kapena pa sukulu, poti imeneyo ndi ntchito ya apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka okha. Zonsezi nzabwino. Koma tifunse: mlandu umenewo adaupititsa kukhoti ndani? Adali mabungwe a anthu wamba, monga la Kopanang Africa Against Xenophobia ndi la Abahlali baseMjondolo, amene adasonkhanitsa umboni nalimba mtima. Lamulo lili ngati khasu: likakhala pa tsindwi sililima. Ndiponso usiku umene khamu lifika pa chitseko, woweruza amakhala ali m'tulo, ndipo galimoto ya polisi imakhala kutali. Amene ali pafupi ndi mnansi wa kuseri kwa khoma. Moyo wa mlendo pa mphindi imeneyo uli m'manja mwa mnansiyo.

Ndipo anansi otere adalipo. Mbiri yawo ndiyo imene manyuzipepala salemba kwambiri, poti nyumba yosapsa siikoka wojambula. Ku Khutsong, komboni ya kufupi ndi migodi ya Carletonville, kumene anthu adali pa mkangano waukulu ndi boma pa nkhani ya malire a zigawo, atsogoleri awo mu 2008 adaitana anthu nawauza poyera kuti mdani wawo si mlendo, ndipo zipolowe sizidaloweko. Ku Durban, bungwe lija la Abahlali baseMjondolo, la anthu okhala m'zisakasa, limene lidayamba mu 2005, lidalengeza m'Meyi momwemo kuti aliyense wokhala m'komboni ndi wa m'komboniyo, kaya adabadwira kuti, ndipo lidateteza alendo m'madera ake. Ku Masiphumelele, kufupi ndi Cape Town, kumene masitolo a alendo adathyoledwa, eni mudzi adachita chinthu chimene maboma ambiri sachitha: adapepesa poyera, nayenda khomo ndi khomo kutolera katundu wobedwa kuti abwezedwe kwa eni ake, ndi kupempha othawawo kuti abwerere. Pa 24 Meyi 2008 anthu zikwi zingapo adayenda m'misewu ya Johannesburg kukana chidani, ndipo mu Epulo 2015 adayendanso ku Durban ndi ku Johannesburg, eni dziko ndi alendo pamodzi. Anthu onsewa sadali olemera, sadali ndi mfuti, ndipo ambiri adali pa chiopsezo chotchedwa ogulitsa mtundu. Adasiyana ndi anzawo pa chinthu chimodzi: adali atazolowera kale kukhala pansi pamodzi, adali kudziwana maina, ndipo tsiku loipa lidawapeza ali ndi bwalo lawo.

Yankho lachitatu ndi la anthu okonda dongosolo. Iwo amati: koma ambiri mwa alendowo alibe mapepala, adalowa mozemba, alandira zimene adazifuna. Tiyankhe mosabisa. Dziko lililonse lili ndi ufulu wolondera malire ake, ndipo Eklezia saphunzitsa kuti malamulo a malire ngopanda pake. Amatiuza kuti mlendo ayenera kulemekeza malamulo a dziko limene lamulandira, ndipo ife makolo tiyenera kuleka kutumiza ana athu pa ulendo wa m'malole a anthu ozembetsa anzawo, ulendo umene wadya kale miyoyo yambiri. Koma chilango cha kusowa pepala ndi kuonekera kukhoti ndi kubwezedwa kwanu mwaulemu. Chilango chake si tayala ndi petulo. Si kubereka mwana pa msewu kunja kwa chipata cha chipatala. Munthu adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu asanalembedwe m'buku la boma lililonse, ndipo chifanizirocho sichitha ntchito pamodzi ndi chidindo cha m'pasipoti. Ndiponso khamu siliwerenga mapepala. Limayang'ana khungu, limamvetsera lilime, limafunsa munthu dzina la chigongono m'Chizulu, akalephera basi wathedwa. Mshangani ndi Mvenda, eni dziko enieni, adagwa m'mayeso omwewo.

Yankho lachinayi ndilo limatipweteka koposa, chifukwa limachokera m'mabenchi a tchalitchi. Ena amati: Eklezia asalowerere zimenezi, nzandale, ansembe aphunzitse za kumwamba. Kodi amene anena chonchi adawerenga Malembo ati? Abrahamu adali mlendo, ndipo manda a mkazi wake adachita kugula kwa eni dziko. Aisraele adakhala akapolo ku Ejipito, ndipo chilamulo cha Mose chimawakumbutsa kawirikawiri za ukapolowo kuti asazunze mlendo wokhala pakati pawo. Rute, gogo wa bambo ake a Mfumu Davide, adali Mmowabu wokunkha m'minda ya ena. Ambuye athu Yesu Khristu adayamba moyo wao ngati mwana wothawa kwawo, atanyamulidwa usiku ndi Maria ndi Yosefe kunka ku dziko la eni. Pamene adafunsidwa kuti mnzathu ndani, adasankha dala Msamariya, munthu wa mtundu wonyozeka, kuti akhale chitsanzo, nasiya wansembe ndi Mlevi akulambalala. Ndipo pophunzitsa za chiweruzo chomaliza adaika kulandira mlendo pa mndandanda umodzi ndi kudyetsa anjala ndi kuzonda odwala, nati zimene tichitira anthu otere tichitira Iwo amene. Ngati zimenezi nzandale, ndiye kuti Mthenga Wabwino wonse ngwandale.

Mwamwayi, Eklezia wa ku South Africa sadamvere uphungu wa mantha umenewo, monganso sadaumvere pa nthawi ya tsankho la azungu. Mu Juni 1976 ana a sukulu a ku Soweto pothawa zipolopolo adalowa m'tchalitchi cha Regina Mundi, ndipo zipsera za mfuti zidatsala m'makoma ake. Arkiepiskopi Denis Hurley wa ku Durban adaimbidwa mlandu ndi boma la azungu chifukwa choulula nkhanza za apolisi ake, ndipo nyumba yotchedwa dzina lake, pafupi ndi Katedralo ya Emmanuel, idamangidwa kuti idyetse ndi kuchiza osowa pokhala ndi othawa kwawo, Akhristu, Asilamu ndi Ahindu akugwira ntchito limodzi. Ku Johannesburg, sukulu ya Sacred Heart College ya Abale a Marist, omwewo amene tiwadziwa ku Mtendere ndi ku Likuni, idayamba kulandira ana akuda m'zaka za m'ma 1970 lamulo likuletsa. Ndipo mu 2008 idatsegula makalasi ake kuyambira 3 koloko mpaka 6 koloko madzulo kuti ana a othawa kwawo, amene sukulu za boma zidawakana, aphunzire. Ntchitoyo adaitcha Three2Six. Ku Bertrams, Asisteri a Scalabrini adatsegula nyumba ya Bienvenu yosungiramo amayi ndi ana othawa kwawo. Abale athu a Methodist, pansi pa Bishopu Paul Verryn, adagoneka anthu zikwi a ku Zimbabwe m'tchalitchi chao chachikulu pakati pa mzinda kwa zaka zingapo, akunyozedwa ndi akuluakulu. Ndipo mu 2025 Aepiskopi Achikatolika a chigawo chimenecho adadzudzula poyera mchitidwe wobweza odwala pa zipatala. Papa Francis, amene ulendo wake woyamba kutuluka mu Roma mu 2013 udali wa ku chilumba cha Lampedusa kukalira anthu omira m'nyanja pofuna moyo wabwino, adamanga kalata yake ya Fratelli Tutti ya 2020 pa fanizo lomwe lija la Msamariya. Uwu ndiwo mwambo wathu. Amene afuna Eklezia wotseka pakamwa akufuna Eklezia wina, osati wa Khristu.

Tsopano titembenukire kwathu, poti anyani sasekana zikundu. Pali mawu awiri amene amamveka m'Malaŵi muno nthawi zonse ku Joni kukapsa, ndipo onse awiri ngolakwika. Oyamba ndi akuti: anthu amenewa ngosayamika, Afrika yonse idawathandiza pa nkhondo yawo. Nzoona kuti Zambia idasunga likulu la ANC ku Lusaka, ndipo Mozambique ndi maiko ena adaphulitsidwa chifukwa chosunga omenyera ufulu. Koma mfundo imeneyi ndi mlatho wa mapesi. Boma la Malaŵi lidatsegula ubale ndi boma la azungu la Pretoria mu 1967, ndipo Dr Banda adakachezako mu 1971. Kodi tinene kuti Mzambia apulumuke, Mmalaŵi aphedwe? Moyo wa munthu si ngongole ya maboma. Ngati tifuna mbiri, tikumbuke yozama: Angoni a ku Ntcheu, Dedza, Mchinji ndi Mzimba makolo awo adachokera komweko, ndipo gulu la Zwangendaba lidaoloka Zambezi mu 1835, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay ndiye adayambitsa bungwe lalikulu la antchito akuda ku Cape Town mu 1919, ndipo mu 1974, pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown nkupha Amalaŵi oposa 70, m'migodi ya kumeneko mudali Amalaŵi oposa 100,000. Ndife anthu amodzi amene malire adatipeza tili kale pa ulendo. Mawu achiwiri ndi akuti: nafenso tibwezere, tiwathamangitse awo ali kuno. Amene anena izi wayamba kale kulankhula chilankhulo cha Dudula. Kuda mtundu wonse wa anthu a ku South Africa nkuiwala anthu 21 aja, nkuiwala Khutsong ndi Masiphumelele, ndiponso nkuchita tchimo lomwelo limene tikulilira.

Nanga mizinda yathu njoyera? Dziko lino lili ndi mbiri yonyaditsa: pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique lidalandira othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi, anthu nagawana minda ndi zitsime. Koma lilinso ndi mbiri ina. Mu 1972 a Mboni za Yehova adamenyedwa ndi kutenthedwa nyumba, zikwizikwi nkuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo, ngati kuti Karonga si Malaŵi. Kuyambira 2014 abale athu achialubino akhala akusakidwa ngati nyama, ndipo nkhalamba zakhala zikuphedwa pozinamizira ufiti. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali adagwira othawa kwawo mazanamazana m'madera a Lilongwe, ana omwe, nawasunga ku ndende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka, msasa wa ku Dowa umene udakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000 koma pa nthawiyo udali ndi oposa 50,000. Boma lidati likutsata lamulo lakuti othawa kwawo azikhala mu msasa, ndipo lamulolo lidalipodi. Koma tifunse za anthu wamba: ndi angati adaomba m'manja poona golosale ya mnzawo ikutsekedwa? Ndi angati adakondwa poti ngongole yawo ya sopo ndi shuga yathera pomwepo? Pakamwa pamene patchula mnzake kuti Mburundi monyodola mu msika wa Lilongwe, nkulira mwana wake akatchedwa kwerekwere ku Hillbrow, pakamwa pamenepo pali malilime awiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono tichitenji, ife mabanja a m'maparishi? Phunziro la ku Joni nlakuti chitetezo chimamangidwa nyengo ya mtendere, monga nkhokwe imamangidwa chimanga chisanakhwime. Ndipo chida chake tili nacho kale. Kuyambira zaka za m'ma 1970 Aepiskopi a chigawo chathu cha AMECEA adatipatsa miphakati kuti ikhale maziko a Eklezia. Mphakati ndi anthu okhala moyandikana, odziwana maina, okumana sabata ndi sabata: chinthu chomwecho chimene chidapulumutsa madera aja mu 2008. Funso nlakuti mphakati wathu umathera pati. Ngati umathera pa a mtundu wathu, a chigawo chathu ndi a mpingo wathu, ndiye kuti ndi chibale cha magazi chovala kolona. Mphakati wa ku Ndirande, ku Kawale, ku Mchesi, ku Chibavi kapena ku Chinamwali udziwe alendo onse okhala m'dera lake, Akatolika ndi osakhala Akatolika. Ukawazonde akadwala, ukakhale nawo pa maliro awo, poti munthu amene tidakumba naye manda sitingamuponye mwala. Atsogoleri ake adziwane ndi mfumu ya m'deralo, ndi shehe wa pa mzikiti, ndi abusa a mipingo ina, ndi apolisi a m'mudzi, kuti mphekesera ikabuka usiku pakhale anthu oimbirana lamya asanasonkhane anyamata. Komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya pa parishi isakhale dzina la pa pepala lowerengedwa pa chaka kamodzi.

Ndipo ntchito yoyamba ili pa mphasa ya m'nyumba mwathu. Palibe mwana amabadwa akudziwa kuti Mlomwe ngwotere, Mtumbuka ngwotere, Myao ngwotere, Mburundi ngwotere. Amazimva kwa bambo ndi mayi pa nthawi ya nsima, zikunenedwa moseka. Anyamata amene adanyamula zikwanje ku Alexandra adayamba amva mawu akuti makwerekwere kwa zaka zambiri, m'nyumba, m'minibasi ndi m'mabawa, popanda wamkulu wowadzudzula. Mawu ndiwo amanola mpeni. Masiku ano mawuwo amayenda msanga koposa pa lamya za m'manja: chithunzi chakale cha dziko lina chimatumizidwa ngati cha dzulo, ndipo Mkhristu amene achipititsa kwa anzake osafufuza wachita umboni wonama, ngakhale sadatsegule pakamwa. Lamulo lachisanu ndi chitatu silidaleke kugwira ntchito chifukwa cha WhatsApp. Zoterezi nzoyenera kupita nazo ku kulapa, monga tipita ndi kuba ndi chigololo.

Kwa ana athu amene ali ku Joni, ku Durban ndi ku Cape Town, mawu athu ndi awa: musakhale pa nokha ngati nkhuku za chilendo. Kali kokha nkanyama. Lowani m'parishi ya kumene mukhala, osati m'magulu a Amalaŵi okhaokha. Phunzirani chilankhulo cha anansi anu. Khalani nawo pa misonkhano ya madzi, ya zinyalala ndi ya chitetezo. Konzani mapepala anu pamene kuli kotheka. Ndipo mukamva kuti a ku Somalia kapena a ku Zimbabwe ndiwo akusakidwa lero, musapume mpweya wa chimwemwe poti si inu.

Tsiku lina m'dera lathu mudzamveka phokoso usiku, ndipo wina adzafuula kuti wakuba, kapena mfiti, kapena mlendo. Pa nthawi imeneyo sipadzakhala mpata woitanitsa msonkhano kapena wofunsa kwa Abambo Mfumu. Aliyense adzachita chimene mtima wake udazolowera. Ena adzatola miyala, ambiri adzatseka mazenera nkuzimitsa nyale, ndipo owerengeka adzatuluka kukaima pakhomo la munthuyo. Ife amene timadya pa tebulo limodzi la Ambuye Lamulungu lililonse, tiyambe lero kudzikonzekera kuti tidzapezeke m'gulu lachitatulo, ndipo tisadzapezekemo tokha.